Documentary yathu ya asodzi inaonetsedwa kale pa TV, nanga kuti ikapikisane pa mphoto pamafunika chiyani?

Abiti_wa_ku_Mpondasi

Akuluakulu nonse, landirani moni. Ndikupempha nzeru kwa inu amene ntchito ya kanema mwakhala nayo nthawi yaitali. Tilipo anthu anayi kuno ku Mangochi boma, ndipo tinapanga documentary ya mphindi 26 yonena za kuchepa kwa chambo ndi moyo wa amayi ogula nsomba m'madoko a ku Makawa, ku Namiasi ndi ku Malombe. Ambiri m'menemo akulankhula Chiyao, ena Chichewa, ndipo wofotokoza nkhani akulankhula Chichewa. Inaonetsedwa kawiri pa wailesi ya kanema ina ya m'dziko momwe muno. Nthawi ya pa TV tinachita kugula, ndalama anatithandiza ndi bungwe lina. Zambiri tinajambula ndi kamera, koma za usiku pa nyanja tinajambula ndi foni.

Anzanga akuti tiitumize ku mipikisano ya mphoto. Kodi ndi mipikisano iti imene imalandira ntchito ya ku Malawi? Amafuna fayilo yotani ndi mapepala ati? Nanga oweruza amayang'ana chiyani kwenikweni? Ndalama tilibe zambiri, choncho sitikufuna kutumiza chinthu choti akachiike pambali asanachionere n'komwe.

Mkonzi_wakale

Achemwali, musanaganize za fayilo, siyanitsani kaye mitundu iwiri ya mphoto. Pali za utolankhani, zimene zimayang'ana ngati nkhani mwaifufuza bwino ndiponso ngati mwamva mbali zonse. Palinso za luso la kanema, zimene zimayang'ana kajambulidwe, kamvekedwe ka mawu, kalumikizidwe ka zithunzi ndi kakambidwe ka nkhani. Documentary yanu itha kulowa konse kuwiri, koma zimene mutumize kumeneko si zofanana.

Khomo loyandikira kuno kwathu ndi la MISA Malawi, bungwe loimira atolankhani. Mphoto zawo amapereka chaka ndi chaka pa nyengo ya tsiku la ufulu wa atolankhani, lomwe ndi 3 Meyi, ndipo chiitano chotumiza ntchito chimatuluka tsikulo lisanayandikire. Magawo ambiri amatsata mitu ya nkhani, ndipo amasinthasintha malinga ndi amene wathandiza ndi ndalama chaka chimenecho. Werengani chiitano chonse, mpaka timizere ta pansi tonena za umembala, ndipo za umembalazo konzeranitu, osati m'sabata yomaliza.

Kunja kuli AMVCA, mphoto ya mafilimu ndi mapulogalamu a pa TV ya kampani ya MultiChoice, imene inayamba mu 2013 ndipo mwambo wake umachitikira ku Lagos. Amalawi anapambanako kale: Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi filimu ya Lilongwe, ndi Shemu Joyah mu 2018 ndi The Road to Sunrise, onse m'gawo la filimu yabwino ya kumwera kwa Africa. Gawo la documentary nalonso lilipo. SAFTA, mphoto ya mafilimu ndi TV ya ku South Africa, imene inayamba mu 2006, musatayirepo nthawi, ndi ya ntchito za dziko lawolo. Pamwamba pa zonse pali International Emmy, imene imaperekedwa ku New York mu Novembala kwa mapulogalamu opangidwa ndi kuonetsedwa koyamba kunja kwa America. Anthu a mu Africa anailandirapo, mwachitsanzo a Shujaaz a ku Kenya mu 2012 m'gawo la mapulogalamu a digito, koma kumeneko polowa mumalipira m'madola, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zikuvutira kupeza. Ine ndingati yambani ndi za kuno. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo mphoto ya kwanu imakupatsani cholemba pa fomu ya kunja.

Tsopano zimene zimagwetsa ntchito oweruza asanaione. Chachikulu ndi deti. Mpikisano uliwonse umaika malire, kuti pulogalamu ikhale yoti inaonetsedwa koyamba pakati pa tsiku lakuti ndi lakuti. Mawu oti koyamba ndiwo ofunika. Inu mwati inaonetsedwa kawiri, ndiye deti lowerengedwa ndi loyambalo, osati lobwereza. Ngati wina mwa inu anaiika yonse pa YouTube kapena pa Facebook isanapite pa TV, mipikisano ina imatenga tsiku limenelo ngati tsiku lotulukira, ndipo mutha kupezeka kuti mwatuluka m'malire ndi milungu iwiri yokha. Funsanani nonse anayi lero lomwe.

Umboni wa detilo ndi kalata yochokera ku wailesi ya kanemayo, yolembedwa pa pepala lawo, yodindidwa ndi kusainidwa ndi mkulu wa mapulogalamu. Ikhale ndi dzina la pulogalamu monga linaonekera pa sikirini, tsiku, ola ndi kutalika kwake. Ipempheni tsopano, chifukwa pakapita miyezi zolemba za zimene zinaulutsidwa zimavuta kufufuza. Pa ulendo womwewo pemphani kope la mmene inaulutsidwira, lokhala ndi chizindikiro chawo pakona. A utolankhani amakonda limeneli chifukwa limasonyeza zimene anthu anaoneradi, pomwe a luso amafuna loyera, lopanda chizindikiro ndi malonda.

Mfundo imene ikundidetsa nkhawa m'funso lanu ndi ya bungwe lija. Tengani mgwirizano umene munasainirana nawo muone ngati walemba kuti mwini kanema ndani. Mabungwe ambiri amalemba kuti chilichonse chopangidwa ndi ndalama zawo ndi chawo. Ngati zili choncho, mufunika kalata yawo yokulolani kupikisana nayo. Komanso pa fomu musabise kuti nthawi ya pa TV inagulidwa ndipo panali wothandiza. Oweruza a utolankhani akazindikira okha, amayamba kuiona ngati yotsatsa ntchito za bungwe. Mukanena poyera, n'kuonjezera kuti bungwe silinasankhe anthu olankhula kapena kudula mawu a munthu, ngati zinalidi choncho, nkhani imaima.

Lembani pansinso nonse anayi kuti wotsogolera ndani, wojambula ndani, wolumikiza ndani, ndipo ndalama ya mphoto ikabwera igawidwa bwanji. Maina a pa fomu afanane ndendende ndi amene ali kumapeto kwa kanema.

Wa_mawu_ku_Monkey_Bay

Zimene anena akuluwa n'zoona zonse. Ine ndilowe pa mawu, chifukwa ntchito yojambulidwa m'mbali mwa nyanja imagwa ndi mawu kawirikawiri kuposa chithunzi. Woweruza amapirira chithunzi chogwedera pang'ono, koma akamavutika kumva msodzi, mtima umachoka pa nkhani ngakhale pansi patalembedwa Chingerezi.

Valani mahedifoni otseka makutu onse, mumvetsere pulogalamu yonse osayang'ana pa sikirini. Lembani mphindi ndi sekondi ya paliponse pamene mwamva kuguguda kwa mphepo, kulira kwa injini ya boti kapena jenereta, mawu osweka chifukwa chokweza kwambiri, ndi pamene phokoso la kumbuyo ladukiza mwadzidzidzi polumikiza zidutswa ziwiri.

Ngati munajambula pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mphepo ya mwera ilimo basi. Mphamvu yake yambiri ili m'mawu apansi, choncho ikani high-pass filter, sefa yodula mawu apansi, pa 80 Hz. Kwa amayi mutha kukweza mpaka 100 kapena 120, koma kwa abambo mukapitirira 100 mawu amapyapyala. Pamene mphepo inamenya maikolofoni mpaka mawu kusweka, kompyuta singabweze zimene sizinajambulidwe. Pamenepo dulani chiganizocho, kapena tengani china chimene munthuyo ananena mfundo yomweyo, n'kuphimba polumikizapo ndi chithunzi cha ukonde kapena bwato. Ulendo wina maikolofoni ivale chophimba chaubweya chotchinga mphepo, siponji yokha sikwanira pa nyanja, ndipo wolankhula aime mphepo ikumuomba kumsana.

Kung'ung'uza kwa magetsi n'kosavuta, chifukwa magetsi athu ndi a 50 Hz. Dulani mopyapyala pa 50, pa 100 ndi pa 150. Injini ya boti ndiyo yovuta, chifukwa kulira kwake kumakwera ndi kutsika. Apo mugwiritse ntchito noise reduction, chida chochepetsa phokoso, koma mofatsa, 6 mpaka 10 dB. Mukafinya kwambiri mawu a munthu amayamba kubwebweta, ndipo woweruza wodziwa amakhumudwa ndi zimenezi kuposa injiniyo. Pa malo amene phokoso likudukiza, mwayi wanu ndi woti madokowo muli nawo pafupi. Bwererani pa ola lomwelo la tsiku, mujambule mphindi imodzi ya phokoso la padoko popanda wolankhula pafupi, muiyale pansi pa zokambirana zonse za pamalopo. Onaninso ngati zokambirana sizikumveka khutu limodzi. Zimachitika maikolofoni ya pakolala ikalowa pa channel 1 yokha. Isandutseni mono, ikhale pakati.

Za kukweza kwa mawu, musamayese ndi khutu. Muyezo umene ma TV a ku Ulaya amatsata, ndipo ambiri kuno ku Africa anautengera, ndi EBU R128: pulogalamu yonse ikhale pa -23 LUFS, ndipo nsonga isapitirire -1 dBTP. A ku America amati -24 LKFS. DaVinci Resolve, pulogalamu yaulere yolumikizira kanema, ili ndi mita yake ku Fairlight, mbali yake ya mawu, ndipo muyeze pulogalamu yonse kuchokera poyamba mpaka pomaliza, osati kachidutswa. Nyimbo ikakhala pansi pa wolankhula itsike ndi 15 mpaka 20 dB. Zonse zikhale pa 48 kHz. Nyimbo zambiri zimabwera pa 44.1, zisintheni musanaziike.

Za foni zija. TV yathu imayenda pa mafulemu 25 pa sekondi, pomwe foni zambiri zimajambula 30, ndipo mumdima zimachepetsa zokha liwiro kuti kuwale. Zotsatira zake n'ziwiri: chithunzi chimadumphadumpha kamera ikamatembenuka, ndipo milomo imasiyana ndi mawu pang'onopang'ono kachidutswa kakatalika. Pititsani mafayilo onse a foni mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a kanema, musankhe constant framerate kuti liwiro la mafulemu lisamasinthe. Pa zithunzi zopanda wolankhula, monga mabwato ndi nyali pa madzi, uzani pulogalamu yolumikizira kuti 30 ija iwerenge ngati 25. Zimayenda mochedwerako pang'ono koma mosalala, ndipo pa nyanja zimakongola. Pamene munthu akulankhula musatero. Ngati foniyo inajambula HDR, mitundu imaoneka yotuwa ikasakanizidwa ndi ya kamera, ndiye isintheni ipite ku Rec.709, muyezo wa mitundu wa TV. Za usikuzo musazikakamize kuwala, mukangokweza mumadzutsa timadontho tambirimbiri. Mdima ukhale mdima, nyali ndi nkhope zokha zioneke.

Potulutsa, tsatani zimene mpikisano walemba. Akapanda kulemba, tulutsani 1920x1080, mafulemu 25, H.264 pa 15 mpaka 20 Mbps, mawu AAC pa 320 kbps. Pa 20 Mbps mphindi 26 zimakwana pafupifupi 3.9 GB. Musatsike pansi pa 10, chifukwa madzi ogwedezeka ndi mdima ndizo zimayamba kusweka timabokosi. Tulutsaninso master, fayilo yosafinyidwa kwambiri yotengerapo makope ena, ya ProRes 422, imene ikhala pafupifupi 24 GB, muisunge pa ma hard drive awiri m'nyumba ziwiri zosiyana. Mukapambana kapena TV yakunja ikaifuna, adzapempha imeneyo. Fayilo isadutse pa WhatsApp ngakhale kamodzi, imaifinya.

Abiti_wa_ku_Mpondasi

Zikomo kwambiri bambo, zikomonso achimwene. Ndalemba zonse. Pali zina zandidetsa nkhawa nditawerenga. Poyamba ndi pomaliza tinaikapo nyimbo ya woimba wina wodziwika, ndipo a ku TV sanatiletse. M'zithunzi za padoko mukuonekanso ana akukoka nawo khoka. Nanga popeza achimwene akuti ndidule ziganizo zina, kodi n'zololedwa kusintha pulogalamu imene inaulutsidwa kale? Mawu a Chingerezi a pansi sitinaikebe.

Mayi_a_Chisomo

Mwana wanga, nyimboyo ndi vuto, ndipo n'bwino mwainena nthawi ilipo. A ku TV sanakuletseni chifukwa iwo amakhala ndi laisensi ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso, yowalola kuulutsa nyimbo. Laisensi imeneyo ndi yawo, ndipo ndi ya kuulutsa basi. Siikupatsani inu ufulu womata nyimbo ya munthu pa zithunzi zanu n'kumayenda nayo kunja. Pa fomu ya mpikisano mumasaina kuti chilichonse chili m'kanema muli nacho chilolezo, choncho mukasaina zili chonchi mwadziika pa mlandu pansi pa Copyright Act ya 2016.

Nyimbo imakhala ndi eni awiri, wopeka ndi mwini wa chojambulidwacho. Nthawi zina ndi munthu mmodzi, nthawi zina situdiyo kapena kampani ili ndi gawo. A COSOMA, amene akhalapo kuyambira 1992, angakuthandizeni kudziwa amene analembetsa nyimboyo. Kalata ya chilolezo itchule dzina la nyimbo, masekondi amene mwagwiritsa ntchito, kuti ndi pa TV, pa intaneti ndi m'mipikisano, kuti ndi dziko lonse lapansi osati Malawi yokha, ndi zaka zingati. Mtengo ukakukulirani, ichotseni. Kunena zoona, nyimbo ya m'tauni pa nkhani ya ku Malombe siionjezera kanthu kwa woweruza wakunja. Ng'oma za beni kapena manganje zojambulidwa bwino ndi gulu la konkuno zimamuuza kumene ali. Gululo mulilipire, musainirane pepala lonena zomwezi. Mvetseraninso kumbuyo kwa zokambirana za padoko. Ngati wailesi ya m'golosale kapena ya m'shabini ikumveka bwino moti nyimbo n'kuizindikira, makina a YouTube amaigwira ndipo atha kutseka linki yanu oweruza asanaonere. Pomaliza lembani cue sheet, pepala losonyeza nyimbo iliyonse, wopeka, woimba, pamene yayambira ndi pamene yathera. Zithunzi zakale za ku MBC, kaya za nthawi ya TVM imene inayamba mu 1999, nazonso zimafuna kalata.

Za ana ndiimepo pang'ono. Chilolezo cha amfumu kapena cha komiti ya padoko chimakulolani kujambula pamalopo, koma si chilolezo cha munthu aliyense payekha. Mwana amamuvomerezera ndi kholo kapena womulera. Ndiye ganizirani chimene chithunzicho chikunena: mwana wodziwika nkhope akukoka khoka, mwina pa ola la sukulu. Kanema akatchuka, amene adzafunsidwe ndi makolo ake, osati inu. Ngati anawo akungodutsa m'chithunzi, sankhani zithunzi zapatali kapena zakumbuyo, apo ayi bisani nkhope. Chimodzimodzi aliyense amene akuoneka akupha nsomba ndi neti ya udzudzu kapena pa nyengo yotseka nyanja.

Amayi ogula nsomba aja ndiwo ndikuwaganizira kwambiri. Ngati wina analankhula za ngongole, za banja lake, kapena za amuna amene amafuna thupi kuti agulitse nsomba, anavomera akudziwa kuti zioneka pa TV kamodzi kapena kawiri. Mpikisano umaika tizidutswa pa intaneti, pamene tidzakhala zaka zambiri ndipo aliyense wa m'mudzi atha kutumizirana pa foni. Bwererani kwa aliyense, mumufotokozere zimenezi m'chilankhulo chake. Fomu ikhale ya Chiyao kapena Chichewa, iwerengedwe mokweza, asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni. Wina akakana, bisani nkhope ndi dzina, kapena mumuchotse. Ngati pali zimene munajambula m'kati mwa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, kapena ndi drone, makalata a chilolezo cha zimenezo akhalenso m'fayilo yanu.

Mawu a pansi musawatenge ngati ntchito ya usiku umodzi. Womasulira achoke ku Chiyao kupita ku Chingerezi mwachindunji, atakhala pambali pa wolumikiza. Mukadutsira ku Chichewa, mawu a agogo amafika ku Chingerezi atatha mchere. Mizere isapose iwiri, mzere uliwonse zilembo zosapitirira 42, ndipo ikhale pa sikirini pakati pa sekondi imodzi ndi masekondi 6 kapena 7. Munthu akamalankhula mofulumira, fupikitsani tanthauzo m'malo mothamangitsa mizere. Maina a nsomba ndi zida, monga chambo, usipa, utaka, chilimira ndi nkacha, asiyeni momwemo, mungowafotokoza kamodzi pamene atchulidwa koyamba. Wofotokoza nkhani nayenso amasuliridwe, pamodzi ndi mawu a nyimbo ngati akukhudza nkhani. Zilembo zoyera zimasowa pa mchenga ndi pa madzi owala, choncho ziikireni mphepete yakuda kapena kabokosi kakuda kumbuyo, ndipo dzina la wolankhula likwere pamwamba pang'ono kuti lisagundane nazo. Konzani makope awiri, lina lomatiratu mawuwo pa chithunzi, lina loyera lokhala ndi fayilo ya SRT, ya mawu a pansiwo, pambali, yosungidwa mu UTF-8 kuti zilembo zisasokonekere.

Che_Mdala_wa_ku_Malindi

Funso loti n'zololedwa kusintha silinayankhidwe, ndipo apa ndisiyana pang'ono ndi mnyamata wa mawu. Ku mphoto za utolankhani mumatumiza zimene zinaulutsidwa, ndendende. Mukadula chiganizo, mukachotsa munthu kapena kuonjezera mbali imene inasowa, si ntchito ija anthu anaonera, ndipo wina akadandaula mutha kulandidwa mphoto. Kumeneko mawu a Chingerezi okha ndiwo mungaonjezere. Ku mphoto za luso kuyeretsa mawu ndi mitundu sikudandaulitsa munthu, koma kusintha nyimbo, kuchotsa anthu kapena kusintha kutalika, alembereni okonza mpikisano muwafunse, ndipo yankho lawo mulisunge. Njira ina yoyera ndi kukonza zonse zimene anena mayiwa, kenaka pulogalamu yokonzedwayo iulutsidwenso. Ingokumbukirani kuti deti loyamba lija silifafanizika.

Zonse zimene anena anzangawa zimangokulowetsani m'chipinda. Mphoto imabwera ndi nkhani. Woweruza wa ndime yoyamba amakhala ndi mulu wa ntchito ndi masiku ochepa, ndipo maganizo ake pa ntchito yanu amakhazikika m'mphindi zitatu zoyamba. Ma documentary athu ambiri amawononga mphindi zimenezi ndi zizindikiro za mabungwe, dzuwa likutuluka pa nyanja, ndi wofotokoza akutiuza kuti Mangochi ili kumwera kwa dziko la Malawi. Kenaka pamabwera bwana atakhala kuseri kwa tebulo. Mayi amene nkhani ndi yake amaoneka pa mphindi ya 8. Onerani yanu muone kuti munthu woyamba kulankhula ndani, ndipo akuyamba pa mphindi iti. Ngati ndi mayi ali padoko m'bandakucha ndi beseni lopanda kanthu, akunena yekha mtengo umene wauzidwa, muli pabwino.

Chachiwiri chimene amayang'ana ndi ngati pali munthu amene tikumutsatira, amene zinthu zikumusinthira pulogalamu ikamapita. Anthu 15 olankhula mfundo imodzimodzi satigwira mtima ngati anthu awiri kapena atatu amene taona kwawo, ntchito yawo ndi chimene akuopa. Wofotokoza nkhani asanene chimene chithunzi chikuonetsa kale, ndipo asabwereze chimene munthu wangonena kumene.

Kwa a utolankhani, kuchepa kwa chambo kuli ndi mbali zambiri, ndipo adzaona imene mwaisiya. Alipo asodzi aang'ono, eni maboti a injini ndi makoka aakulu, a nthambi ya za usodzi, makomiti a m'madoko, mafumu, ndi ogula. Aliyense amene wanenedwa kuti ndiye akuwononga apatsidwe mpata woyankha, ndipo akakana, pulogalamu inene kuti anafunsidwa. Nambala iliyonse ya matani a nsomba ikhale ndi gwero ndi chaka pa sikirini. Nambala yopanda mwini imachotsetsa mamalikisi msanga.

Pa fomu pamakhala malo ofotokoza pulogalamu mwachidule. Tsatani chiwerengero cha mawu chimene apereka, ndipo lembani kuti nkhani ndi ya yani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Mawu oti ntchitoyi ndi yapamwamba asiyireni oweruza. Ngati itaulutsidwa panachitika kanthu, monga msonkhano wa komiti ya padoko kapena kukambirana pa wailesi ya Dzimwe kapena pa Radio Maria, lembani ndi deti lake. Chimene sichinachitike musachilembe, amafufuza. Konzaninso zithunzi zitatu kapena zisanu zooneka bwino, kanema wachidule wa masekondi 60 mpaka 90, ndi mbiri yaifupi ya wotsogolera.

Kusankha gawo nakonso n'kofunika. Ngati mpikisano uli ndi magawo ena ovoteredwa ndi anthu ndi ena a oweruza, monga zilili ku AMVCA, inu limbikirani a oweruza. Mavoti amatsata kuchuluka kwa anthu ndi kutchuka, ndipo gulu la anthu anayi a ku Mangochi silingapose wosewera wa ku Lagos pa mavoti. Chenjeraninso ndi mphoto zimene zimakulemberani zokha kuti mwasankhidwa, chonsecho simunatumize kanthu, kenaka n'kumati mugule tebulo kapena mulipire chikho. Mpikisano weniweni umasindikiza malamulo ake, umatchula opambana a zaka zam'mbuyo, ndipo ndalama yolowera, ngati ilipo, imadziwika musanatumize.

Wa_mawu_ku_Monkey_Bay

Che Mdala akonza bwino, zodula ziganizo zija ndi za kope la luso lokha, la utolankhani lisakhudzidwe. Ndionjezere za katumizidwe, chifukwa anthu amagwa pa tsiku lomaliza. Fayilo ya 3.9 GB pa netiweki yokweza 5 Mbps imatenga pafupifupi maola awiri, ndiye kuti netiweki isagwe ndipo magetsi asazime. Gulani bandulo yoposa kawiri kukula kwa fayilo, laputopu ikhale yodzaza, ndipo kwezani usiku kwambiri kapena m'mamawa pamene anthu achepa pa netiweki. Pulogalamu ya Google Drive ya pakompyuta imapitiriza pamene inalekera netiweki ikaduka, pomwe kukweza kudzera pa tsamba nthawi zambiri kumayambiranso. Chitani zimenezi kutatsala masiku asanu, ndipo onani kuti ola lotsekera ndi la dziko liti. Lagos ili kumbuyo kwathu ndi ola limodzi, New York ndi maola 6 kapena 7 malinga ndi nyengo.

Mukamaliza, tumizani linki kwa munthu amene sali m'gulu lanu, aitsegule pa foni yake ndi pa kompyuta, aonere poyamba, pakati ndi pomaliza. Linki zambiri zimafika kwa oweruza zikupempha chilolezo cha mwini, ndipo si onse amene amalemba kalata yokumbutsa. Ngati mwaika pa Vimeo, tsamba loikapo makanema, ndi password, ilembeni pa fomu molondola ndipo musaisinthe mpaka opambana atalengezedwa. Dzina la fayilo likhale dzina la pulogalamu, gawo ndi chaka, ndipo imelo yotsimikiza kuti alandira muisunge pamodzi ndi kalata ya ku TV ija.